Tepi Yokulungira Kumanzere

Galimotoyo inali yoyera, yopanda matayala, ndipo inkakhala pa njerwa pakati pa wekishopu ya sukulu ya ntchito zamanja. Ana asukulu ankaitcha Mkwatibwi, ati chifukwa inavala zoyera n'kumangodikira munthu wosabwera. Injini yake inkalira bwinobwino, koma sinkapita kulikonse. Ntchito yake inali kudwala.

Woidwalitsa anali mphunzitsi wa zamagetsi a galimoto, amene sukulu yonse inkamutcha Manzere chifukwa cha dzanja limene ankagwirira pulaya. Teremu ikamayamba ankadzitsekera mu wekishopu, n'kulowa pansi pa dashibodi, n'kubisa matenda m'mawaya. Apa ankadula waya n'kuphimba ndi tepi kuti azioneka wamoyo, apo ankasinthanitsa mawaya awiri, penapake ankangomasula kanati kogwira waya. Akatero ankatuluka akupukuta manja, n'kuuza ana kuti, "Mkwatibwi sakupeza bwino. Pezani pamene pakumuwawa." Sankalemba paliponse zimene wabisa, ndipo sankanena kuti zilipo zingati. Ngakhale mkazi wake sankamuuza.

Mkazi wakeyo ankaphunzitsa ana omwewo m'kalasi ya kuseri kwa khoma. Yake inali ntchito ya pa bolodi, kujambula njira zimene moto umadutsa m'galimoto. Ana ankamuitana Madamu, koma Manzere ankamuitana a Choko. Nthawi yoweruka ikakwana ankaliza hutala ya Mkwatibwi kawiri, ndipo phokosolo likadutsa khoma kalasi yonse inkayankha pamodzi, "A Choko, tiyeni kunyumba!" Madamu ankakwinya nkhope mwabodza, uku akupukuta kale manja.

Teremu imeneyo Manzere anabisa matenda ake monga mwa nthawi zonse. Kenako anadwala iye mwini, ndipo sanachedwe kumwalira.

Madamu atabwerera ku ntchito, anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Iye sankaona cholimba chilichonse. Anali ngati mwendo umene munthu waukhalira nthawi yaitali: ukautsina umaona chala chikutsina, koma kumva ayi. M'mawa ankathira tiyi m'makapu awiri, ina n'kuitaya mu sinki, inayo n'kuiiwala patebulo. Ovolosi ya Manzere inali ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ankailambalala ngati mmene munthu amalambalalira mlendo m'basi.

Achimwene ake ankaimba foni pafupipafupi.

"Chemwali, mukukhaliranji nokhanokha m'nyumba ya sukuluyo? Chipinda kuno chikungosunga makatoni. Alamu anu asesamo kale. Bwerani muzitithandiza pa shopu."

"Ndamva, achimwene."

"Kumva kokha? Ndibwere liti ndi lole?"

"Ndikuuzani."

Ndipo tsiku limene a Hedi, mkulu wa sukuluyo, anamupempha kuti atenge wekishopu kuwonjezera pa bolodi, yankho linatuluka lokha ngati linkadikira pakhomo.

"Ndigwira, a Hedi, koma mpaka Mkwatibwi achire. Ana akapeza chomaliza chimene malemu anabisa, ine ndikupita kwa achimwene."

"Nanga ana awa, Madamu? Mayeso awo?"

"Mupeza wina."

A Hedi anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Wina wodziwa choko ndi pulaya zonse ziwiri? Akanakhala kuti amapezeka pa msika, bwenzi nditatuma kale njinga."

Madamu sanaseke. Potuluka anatsala pang'ono kugundana ndi mtsikana wina amene anaima pakhomo ndi makiyi a wekishopu m'manja, akuyang'anitsitsa nsapato zake. Anali wa m'kalasi mwake, wamfupi, wamaso akuthwa. Anzake ankamutcha Fyuzi chifukwa sankachedwa kupsa.

Mu wekishopu munkanunkha girisi ndi fumbi lofunda. Madamu anaima pafupi ndi boneti, atavala gawuni yake ya choko, n'kuyamba kulankhula ngati akuwerenga chikwangwani.

"Moto umachoka ku batire, umadutsa pa fyuzi, umadutsa pa swichi, umafika pa babu. Ukafika umabwerera kwawo kudzera m'chitsulo cha galimoto. Pakapanda njira yobwerera, sunyamuka n'komwe. Ponda buleki, Nsungwi."

Nsungwi, mnyamata wamtali amene mawondo ake ankagunda chiwongolero, anaponda. Kumbuyo nyali imodzi inayaka, inayo inakhala chete.

"Babu lapsa, Madamu," anatero asanatuluke n'komwe.

"Waliyeza?"

"Ndaona ndi maso."

"Maso omwe aja anaona mtsikana wa ku kalasi ya zosoka iwe n'kukagunda mtengo?" anatero Fyuzi, ndipo kalasi inaphulika.

Madamu anadikira kuti phokoso lithe. Anatenga tesita, kachitsulo kosongoka kokhala ndi kababu mkati, n'kupatsa mnyamata wina wofatsa amene ankatchedwa Abusa chifukwa ankatseka maso asanagwire waya uliwonse.

"Yambira pamene moto ulipo. Tsatira waya, uzibaya pang'onopang'ono. Pamene kababu kasiye kuyaka, vuto lili pakati pa pamenepo ndi pamene kanayaka komaliza. Musamalote. Muziyeza."

Abusa anakwawa m'buti, akubaya, kababu kakuyaka, akubaya, kakuyaka. Kenako kanazima.

"Ameni!" anafuula. "Pali tepi apa, Madamu."

Madamu anawerama. Inali tepi yakuda wamba, koma inakulungidwa chobwerera, kulowera kumanzere, mizere yake yopendekera mbali imene dzanja lamanja silingapendekezere. Kumapeto kwake inali yopindidwa kamchira kakang'ono. Manzere ankatero nthawi zonse, ati kuti wobwera pambuyo asathyoke zikhadabo. Madamu anagwira kamchirako ndi zala ziwiri. Penapake mkati mwake munayaka kanthu, kochepa ngati kababu ka tesita masana, ndipo asanakaone bwino kanazima. Anamasula tepiyo, anaonetsa ana waya wodukayo, n'kuponya tepi m'bini.

"Lumikizani," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo ana akapeza tepi sankaigwira. Ankabwerera m'mbuyo n'kumusiyira njira, ndipo iye ankamasula yekha. Palibe amene anapangana zimenezo. Zinangokhala choncho.

Anapeza chimene chinkathamangitsa indiketa ngati mtima wa mwana wakuba shuga. Anapeza chimene chinkayatsa nyali za pa dashibodi munthu akaponda buleki. Anapeza chimene chinazimitsa kanyali ka kudenga, kaja kamayaka munthu akatsegula chitseko. Vuto lililonse likatha Madamu ankati, "Yesani zonse," ndipo ankaima manja ali kumbuyo, akudikira kuti amve ngati ulendo wake wakwana. Nthawi zina belu linkalira asanamalize kuyesa. Tsiku lotsatira mawaipa ankakana, kapena sitata inkangoti tcha, osatembenuka. Ndiye kuti ulendo sunakwane. Sankakondwa, sankadandaula. Ankangotenga tesita.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachita ana onse atapita, ndipo palibe amene ankadziwa. Ankatseka chitseko, n'kukhala pa mpando wa dalaivala, pamene siponji inali ndi dzenje la thupi la munthu wina, n'kuyika chikhatho pakati pa chiwongolero. Ankaliza hutala kawiri, mwachidule. Kenako ankamvetsera khoma. Khoma silinkayankha, ndipo iye ankatenga chikwama chake n'kumapita.

Lachisanu lina anachita zomwezo. Hutala inalira bwinobwino, mpaka mbalame zinathawa padenga.

Lolemba m'mawa Abusa anakweza dzanja. "Madamu, hutala sikulira."

Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka mnyamatayo anayamba kukanda khutu. Kenako anapita yekha n'kudina. Kunali zii. Anadinanso. Zii.

"Tsatirani," anatero, ndipo mawu ake anamveka ngati akuchokera m'chipinda china.

Anatsatira kuchokera pa fyuzi, kudutsa pansi pa chiwongolero, mpaka kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa bampala. Kababu kanazima. Ana anabwerera m'mbuyo. Panali tepi yakuda, yokulungira kumanzere, kamchira kake kopindidwa.

Madamu sanauze munthu. Akanauza ndani, ndipo akanati chiyani? Iye anali mphunzitsi wa njira za moto, ndipo ankadziwa kuti waya woduka salizitsa hutala Lachisanu. Ankadziwanso kuti manja amene anawaona atapingasa pachifuwa m'bokosi la maliro sangagwire pulaya Loweruka. Zonse ziwirizi ankazidziwa, ndipo anaziika pambali ngati mbale zosatsuka, kuti adzaziona mawa. Chimene ankaphunzitsa ana tsiku ndi tsiku, choti asamalote koma aziyeza, iye sanachichite. Ankaopa kuti akayeza kababu kazima.

Anayamba kulawirira ku ntchito. Ankafika wekishopu ikadali yozizira, n'kuyenda mozungulira Mkwatibwi, chala chikutsetsereka pa penti. Tsiku lina anadzimva akunong'ona, "Lero mwabisa pati, bambo?" Kunyumba kapu yachiwiri ija anasiya kuitaya mu sinki. Inkakhala patebulo mpaka madzulo, pamwamba pake patachita kakhungu.

"Lole ndapangana nayo kumapeto kwa mwezi uno," anatero achimwene pa foni.

"Galimoto sinachire."

"Galimoto yanji? Ija yopanda matayala? Chemwali, mukudya koma?"

"Ndikudya."

"Kumapeto kwa mwezi. Muyambe kumanga katundu."

Sanamange. Sanakanenso.

Sabata yotsatira nyali zakutsogolo zinasokonekera. Munthu akayatsa zowalira pafupi kunkayaka zowalira patali, koma mbali imodzi yokha, moti Mkwatibwi ankaoneka ngati akutsinzinira munthu diso. Fyuzi ndi amene anatsatira waya, ndipo anapeza msanga, mwina msanga kwambiri. Ana anabwerera m'mbuyo. Madamu anagwada, anagwira kamchira, n'kuyamba kumasula pang'onopang'ono, monga ankachitira masiku amenewo, kuti zisathe msanga.

Pansi pa tepi panali mawaya awiri osinthanitsidwa, timikuwa tawo topotedwa pamodzi. Anayang'ana kapotedweko, ndipo zala zake zinaima.

Tinali topotera kumanja.

Ankadziwa mmene Manzere ankapotera waya. Kunyumba chigwiriro cha ndowa chinamangidwa ndi waya wopotera kumanzere. Chingwe choyanikira zovala, mwendo wa mpando wa kukhitchini, ngakhale kandolo kake kamene kanathyoka chaka chimene anakwatirana, zonse zinapotera kumanzere. Dzanja limene linapota apa linali lamanja. Linakumbukira kunamiza kunja, n'kuiwala mkati.

Anakhala chogwada, tepi ikulendewera pa chala. Sanamve kuwawa. Anangomva ngati munthu wazimitsa wailesi imene inkalira chapansipansi m'nyumba, ndipo tsopano ndi pamene wadziwa kuti inkalira.

Anakweza maso n'kuyang'ana manja ozungulira. Chala chachikulu cha Fyuzi, cha kumanzere, chinali chakuda ndi ulimbo wa tepi. Abusa anali ndi pulasitala pa chala cha kumanja, pamalo pamene munthu amadzitsina akagwira pulaya ndi dzanja losazolowera. Nsungwi ataona maso a Madamu akubwera, analowetsa dzanja m'thumba.

"Tulutsa, Nsungwi."

"Kukuzizira, Madamu."

"Thukuta lili pamphuno pakolo likudziwa kuti kukuzizira? Nonse, manja amanzere m'mwamba."

Anakwera mmodzimmodzi, mwamanyazi. Ambiri anali akuda kunsonga.

"Ndani anapota waya uyu?"

Kenako Fyuzi anatembenukira Nsungwi, n'kupsa pomwepo.

"Ndinakuuza iwe! Ndinati zonse ndi lamanzere, zonse! Mutu uli kumwamba uko mpweya sufika eti?"

"Ndiye ukanapota wekha, mayi bwana! Ine lamanzere limangogwira sopo."

"Khalani chete," anatero Madamu, osakweza mawu. "Fyuzi. Chifukwa chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake, monga tsiku lija pakhomo la ofesi.

"Ndinamva, Madamu. Zija munauza a Hedi. Kuti akachira mupita." Anakweza maso pang'ono. "Ndiye tinati asachire."

"Makiyi?"

"Ndimabweza mochedwa pang'ono, nthawi zina mpaka Lolemba. Nthawi ya nkhomaliro timatsala atatu atatu, mosinthana."

"Sitinafune kukunamizani, Madamu," anatero Abusa. "Tinangofuna kuti... mpaka mayeso basi. Ndiponso mukamamasula tepi mumakhala ngati mwabwera. Nthawi zina zonse mumakhala ngati mwatuma gawuni yokha."

Wina kumbuyo anamugunda chigongono. Madamu anayang'ana gawuni yake ya choko. Inalidi itapachikika pa iye ngati pa msomali.

Madamu anali ndi funso limodzi lotsala.

"Chawo chomaliza chinali chiti? Cha a Manzere enieni."

Ana anayang'anana.

"Kanyali ka kudenga, Madamu," anatero Fyuzi chapansipansi. "Titakonza kaja tinatsala masana n'kuyesa zonse. Zonse zinkagwira. Mkwatibwi anachira tsiku lomwelo."

Madamu anayesa kukumbukira tsikulo. Kodi kunali dzuwa? Anavala chiyani? Anaima mbali iti? Sanapeze kanthu. Anakumbukira kuti anakwera pa mpando, anamasula tepi, anaponya m'bini, n'kunena kuti, "Lumikizani." Chinthu chomaliza chimene manja aja anabisa pa dziko lino anachimasula ngati akusenda nthochi, maganizo ali kwina, ndipo bini inakhuthulidwa kalekale.

"Chabwino," anatero.

Abusa anatsokomola. Anatsegula kabokosi kake ka zipangizo, n'kutulutsa kabotolo kosungira timababu. Mkati munali katepi kakuda, kopiringizika, kamchira kake kopindidwa.

"Ndi ka kanyali ka kudenga kaja, tinatola m'bini, Madamu. Tinkaonera pamenepa. Popanda chitsanzo sitikanatha."

Anakayika m'chikhatho cha Madamu. Kanali kopepuka ngati tsamba louma, koma kanali kakusungabe mapiringidzo ake, kakulowera kumanzere, ngati kakukulungabe waya amene sanaliponso. Madamu anafumbata. Ulimbo unamata pakhungu. Anamva kumatako. Anadabwa kuti wakumva.

Panja wina ankamenya chitsulo ku kalasi ya zowotcherera.

Madamu anaimirira, anaika katepiko m'thumba la pachifuwa, n'kuyenda mozungulira galimoto. Anaganiza za sitata ija, mmene anawo anadulira waya wamng'ono wochokera ku kiyi m'malo mwa waukulu umene ukanawawotcha. Anaganiza za mawaipa. Munthu sangabise vuto pa njira imene sakuidziwa. Ana awa, amene kumayambiriro kwa teremu ankaloza babu lililonse kuti lapsa, anali atayenda m'mawaya onse a Mkwatibwi ndi dzanja lobwereka.

"Batire munkachotsa musanadule?" anafunsa.

"Nthawi zonse, Madamu," anatero Nsungwi. "Kupatula kamodzi."

"Kamodzi kaja anavina," anatero Fyuzi.

"Tulukani nonse. Mutseke chitseko. Wosuzumira pawindo asesa wekishopu mpaka atakwatira."

Anatuluka mwakachetechete, akuyang'ana m'mbuyo. Chitseko chitatsekeka Madamu anaima kanthawi pakati pa fungo la girisi. Kenako anatulutsa foni.

"Achimwene, lole ija muiuze isabwere."

"Mwati bwanji? Ibwere liti nanga?"

"Sindikudziwa. Osati teremu ino. Makatoni abwerere m'chipinda mwawo."

"Chemwali, muli bwino koma?"

Anaganiza kaye, chifukwa sanafune kunama. "Sindinayeze," anatero. "Ndikuimbirani madzulo."

Anavula gawuni ya choko n'kuipachika pa galasi la pambali. Anamasula waya wa batire, anatenga pulaya, n'kugona chagada pansi pa dashibodi, mutu pafupi ndi buleki. Kumeneko kunali mdima wofunda ndi mawaya amitundumitundu, ena okhala ndi zipsera za tepi zakale. Anali asanabisepo vuto chibadwire. Anayang'ana nthawi yaitali, akusankha. Atapeza waya wake anadula, ndipo kaphokoso kake kanali kakang'ono kwambiri. Anakulunga tepi ndi dzanja lake lamanja, kulowera kumanja. Pamapeto anazengereza pang'ono, kenako anapinda kamchira.

Anabwezera batire, n'kukhala pa mpando wa dalaivala. Analiza hutala kawiri.

Kuseri kwa khoma kunali chete. Kenako mawu amodzi, aakulu ngati a Nsungwi, anayamba mwamantha, "A Cho..." ndipo panamveka khofi, ndi mawu a Fyuzi akuti, "Iwe, ulibe mutu?"

Chitseko chinatseguka pang'ono. Mitu inasuzumira, wina pamwamba pa unzake.

"Mkwatibwi sakupeza bwino," anatero Madamu, akupukuta manja. "Pezani pamene pakumuwawa."

Fyuzi analowa poyamba. Anayang'ana gawuni pa galasi, anayang'ana fumbi kumsana kwa Madamu.

"Ndiye kuti, Madamu... zilipo zingati?"

"Tenga tesita," anatero Madamu.